Mtengo wa Mpira ndi Tsinde Lace: Mau kwa Acikumbe a ku Mchinji

Mvula yoyamba ikayandikira, pa msika wa pa Mchinji Boma pamafika anthu ndi mbande za mitengo ya zipatso m'macubu, ena pa njinga, ena pa ngolo. Tsiku lina tinaima pambali kumvetsera malonda ao. Wogula ali yense anali ndi mafunso awiri okha: "Kodi mango awa ndi a mtundu wanji?" ndi "Mukucita bwanji umodzi?" Wogulitsa akayankha kuti ndi Kent kapena Tommy Atkins, ndalama zinali kutuluka pomwepo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawerama kuloza m'munsi mwa cipsera, pamene mitengo iwiri inalumikizidwa, ndi kufunsa kuti, "Nanga wapansiyu ndi yani, ndipo anacokera kuti?" Ife tikuti funso limeneli liyenera kufunsidwa, ndipo wogulitsa amene sangathe kuliyankha asapatsidwe ndalama. Umboni wathu tiutenga ku mtengo wa mpira, pakuti ndi mitengo yowerengeka pa dziko lapansi imene anthu anaiyesa ndi sikelo zaka zambiri monga umenewu.

Tiyambe ndi kucenjeza, kuti wina asanyamule khasu molakwa. Sitikunena kuti mubzale mpira kuno ai. Mtengo wa mpira wa ku Brazil, umene anthu ophunzira amaucha Hevea, umafuna dziko lotentha ndi lacinyontho, la mvula yoyandikira mainchi 80 pa caka, yogwa miyezi yambiri. Kuno ku Mchinji tiri pamtunda, pafupifupi mapazi 4,000 pamwamba pa nyanja ya mcere. Mvula yathu iri ngati theka la imeneyo, ndipo kuyambira Meyi kufikira Okutobala sitiyembekeza dontho. M'Malawi muno mpira unakhazikika ku Nkhata Bay, pa munda wa Vizara, umene a African Lakes Corporation, odziwika kwa ife ndi dzina lakuti Mandala, anayamba kubzala kuciyambi kwa zaka za 1900. Amene munayendapo pa mseu wa m'mbali mwa nyanja munaiona mizere ya mitengoyo, uli wonse ndi kakapu kace pa thunthu, ndi anyamata ogulitsa mipira yosewera m'mbali mwa mseu. Mtengowo tiusiyire anzathu a kumeneko. Koma phunziro lace likhoza kukwera phiri kufika kuno.

Mtengo womezanitsa suli mtengo umodzi. Ndi mitengo iwiri yokhala pa khomo limodzi. Wapansi, umene m'nkhani ino tiucha tsinde, ndiwo mwini mizu: umafunafuna madzi, umatola cakudya m'nthaka, umalimbana ndi cirala, ciswe ndi matenda a pansi. Wapamwamba unadza ngati diso kapena kanthambi kocokera ku mtengo wina wodziwika ndi kubereka kwace, ndipo ndiwo umanyamula dzina. Anthu ambiri amati "kukwatitsa mitengo," ndipo mau amenewa ali ndi nzeru. Wapamwambayo ndi mkamwini. Angakhale wamphamvu cotani, munda umene adzalima ndi wa eni mudzi, ndipo citsime cimene adzamwapo ndi cao. Makolo athu sanali kumanga ukwati atafunsa za mbali imodzi yokha.

Mbiri ya mpira wolimidwa inayamba m'caka ca 1876, pamene Mngelezi wina, Henry Wickham, anatenga njere pafupifupi 70,000 m'nkhalango za Amazon ku Brazil, napita nazo ku munda wa Kew ku London. Zimene zinamera sizinafike 3,000. Mbandezo zinatumizidwa ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, ndipo m'caka ca 1877 mbande 22 zinafika ku Singapore. Minda yambiri ya mpira ya ku Asia inacokera ku mitengo yocepa imeneyi. Poyamba alimi anali kungotola njere pansi pa mitengo ndi kubzala, monga timacitira ndi mango a m'mudzi. Mitengo inakula, koma itafika pocekedwa khungwa kuti utomoni utuluke, panaoneka cinthu cobvuta. Mtengo wina unali kudzaza kapu, mnzace woyandikana nao, wa msinkhu womwewo, nungodontha pang'ono. Mitengo yocepa ndiyo inali kusenza munda wonse, ndipo ekala imodzi inali kupereka mapaundi 300 kapena 400 a mpira wouma pa caka.

Ca m'ma 1916 ndi 1917 Adachi amene anali kulima ku Java ndi ku Sumatra anapeza njira yomezanitsa mpira ndi diso. Anali kusankha mtengo wopambana m'munda wonse, kudula kakhungwa kokhala ndi diso limodzi pa nthambi yace, ndi kukalowetsa pansi pa khungwa la mbande yomera ku njere, pafupi ndi nthaka. Akamanga ndi kudikira ngati masabata atatu, anali kumasula. Diso likapezeka lobiriwira, anali kudula mutu wa mbandeyo kuti diso liphuke ndi kukhala thunthu. Comweco mtengo umodzi wabwino unasanduka mitengo zikwi zikwi. Mitundu yosankhidwayo inapatsidwa maina a malembo ndi manambala: Tjir 1 ndi GT 1 za ku Java, PB 86 ya pa munda wa Prang Besar ku Malaya. Nyumba yofufuza za mpira ya ku Malaya, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1925, inabereketsa Tjir 1 ndi PB 86 nipeza RRIM 600, mtundu umene unafalikira m'maiko ambiri. Ndi mitundu yotere ekala imodzi inayamba kupitirira mapaundi 1,500. Palibe angatsutse kuti kumezanitsa kunapindula.

Koma panatsala cozizwitsa. Maso onse a m'munda umodzi anacokera ku mtengo umodzi, kotero mitengoyo inayenera kufanana koposa mapasa. Sinafanane. M'mzere womwewo wina unanenepa, wina unaonda. Wina unatulutsa utomoni wambiri, wina wocepa. Mbali ina inali ya nthaka, mbali ina inali ya dzanja la woceka, pakuti mpeni wolowa kwambiri umapweteka mtengo ndipo wosalowa mokwanira umasiya utomoni m'khungwa. Koma zimenezi zitacotsedwa kusiyana kunalipobe, ndipo anthu anayenera kuyang'ana pansi. Kumwamba mitengo inali imodzi, koma tsinde liri lonse linamera ku njere yace yace, ya mai wosadziwika ndi bambo wosadziwika.

Tsono anayamba kuyesa. Anatenga maso a mtundu umodzi nawaika pa matsinde omera ku njere za amai osiyanasiyana, nabzala moyandikana pa nthaka imodzi, nayesa thunthu ndi cingwe caka ndi caka, nayesanso utomoni pa sikelo. Nchito imeneyi inacitika ku Java ndi ku Sumatra nkhondo yaciwiri isanayambe, nipitirira ku Malaya, ku Sri Lanka, ku India ndi ku Brazil. Sinali nchito ya munthu wothamanga, pakuti yankho linali kubwera patapita zaka khumi kapena kuposa.

Coyamba cimene anaona ndi ca kukula. Mpira sayamba kuuceka powerenga zaka zace, koma poyesa thunthu: liyenera kufika mainchi 20 kuzungulira, ndiwo masentimita 50, pamene adzayambira kuceka. Kawirikawiri zimenezi zimatenga zaka zisanu ndi cimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Diso lokhala pa tsinde lamphamvu limafika msanga pa muyeso umenewu. Diso lomwelo pa tsinde lofooka limacedwa. Ndiponso mwini munda satuma woceka kufikira gawo lalikulu la mitengo litakwana, pakuti sikupindula kuyenda munda wonse cifukwa ca mitengo yowerengeka. Comweco matsinde ofooka amacedwetsa ndi anzao amphamvu omwe, ndipo miyezi yonseyo mwini munda akupalira ndi kuthira feteleza osalandira kanthu.

Caciwiri ndi ca utomoni weniweniwo. Wina angafunse kuti, popeza utomoni umapangidwa m'khungwa la mtengo wapamwamba, tsinde likulowa bwanji pamenepa? Yankho ndi lakuti utomoni wa mpira, uja woyera ngati mkaka, magawo awiri a magawo atatu ace ndi madzi. Cimene cimaukankha kuti utuluke pa bala ndi kukhuta madzi kwa mtengo, ndico cifukwa cace oceka amalawira mbandakuca, dzuwa lisanayambe kuumitsa masamba. Madzi amenewo amakwera kucokera ku mizu, pamodzi ndi cakudya cimene mtengo umabwezera naco utomoni umene watayika dzulo. Thunthu lonenepa limapatsanso mpeni njira yaitali, ndipo njira yaitali imatsegula timitsempha tambiri. Ku Malaya njere za mtundu wa PB 5/51 zinapezeka pakati pa zopereka matsinde abwino. Ku Brazil, m'cigawo ca São Paulo, ofufuza anafalitsa m'caka ca 2007 kuti matsinde a njere za PB 235 ndi IAN 873 anakweza zokolola kuposa a njere zongotola. Anaonanso kuti si tsinde liri lonse labwino limene limagwirizana ndi diso liri lonse. Pali maukwati ena amene amayenda bwino koposa ena.

Pali cinthu cina pamenepa cimene mlimi wa cimanga adzacimva msanga. Minda itadzaza ndi mtundu umodzi wokha, alimi anapitiriza kutola njere za matsinde pansi pa mitengo yomweyo, monga mwa cizolowezi. Koma m'munda wa mtundu umodzi mitengo yonse ndi thupi limodzi, kotero duwa limalandira mungu wa mwini wace. Njere zobadwa motero zambiri zimapereka mbande zofooka, zina zacikasu, zina zopinimbira. Inu mukudziwa cimene cimacitika phesi la cimanga likabereka ndi ngaiyaye zace zokha mibadwo ingapo: zitsononkho zimacepa ndipo mapesi amafupika. Mwa ici alimi a mpira anaphunzira kutola njere m'malire, pamene mitundu iwiri yakumana, kapena m'minda yosakaniza mitundu. Mtundu wa GT 1 unachuka pa nchito ya matsinde cifukwa maluwa ace sapereka mungu wamoyo. Njere yace iri yonse iri ndi bambo wa kunja. Anaphunziranso kufesa njere zikangogwa, pakuti njere ya mpira imafa m'masabata ocepa. Kutenga zomera msanga ndi kutaya zocedwa. Ndi kuzula mopanda cifundo mbande zonse zoonda ndi za mizu yopindika nthawi yomezanitsa isanafike. M'mera m'poyamba. Mwambi umenewu anautsimikiza ndi sikelo.

Sitifuna kukuza nkhani kupitirira muyeso wace. Pa mpira, monganso pa mitengo ina, wapamwamba ndiye amalamulira zambiri. Diso la mtengo wacabe likaikidwa pa tsinde labwino, mtengo udzakhala wacabe wonenepa. Tsinde silisintha mtundu wa cipatso. Kent sangasanduke Boloma cifukwa wakhala pa mizu ya Boloma. Kusiyana kumene tsinde limabweretsa pa mpira ndi kocepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mtundu wabwino ndi woipa, ndipo ici ndico cifukwa cace linaiwalika zaka zambiri. Koma tiyerekeze kuti tsinde lofooka likudyerani gawo limodzi lokha la magawo khumi. Mpira umacekedwa zaka 25 kapena kuposa. Gawo limodzi la magawo khumi pa zaka 25 ndi zokolola za zaka ziwiri ndi theka, zotayika mwakacetecete, popanda wakuba womgwira. Mlimi wa cimanga akalakwa mbeu caka cino, caka ca mawa amasintha. Mlimi wa mitengo amadziwa kulakwa kwace ana amene anabadwa pobzala atayamba sukulu.

Ndipo taonani ici. Wapamwamba angathe kusinthidwa. Mtengo wa mango wobereka zipatso zosakoma mungaudule nthambi ndi kumezanitsa mtundu wina pa mphukira zace. Ku Brazil, kumene matenda a masamba anaononga minda ya mpira ya kampani ya Ford ku Fordlândia ndi ku Belterra m'zaka za 1930, anafika pomezanitsa kawiri: mizu ya mtengo wina, thunthu la wina, ndi masamba a wacitatu wopirira matenda. Koma tsinde ndi la moyo wonse wa mtengo. Kulisintha ndiko kuzula ndi kuyambanso.

Alimi a fodya angaone ngati zonsezi ndi za kutali, tsono tibwere ku mbeu yao yomwe. Ukali wa fodya, uja ochedwa nikotini, supangidwa m'tsamba ai. Umapangidwa m'mizu, nukwera kukakhala m'masamba. M'caka ca 1942 wofufuza wina wa ku America, R. F. Dawson, anaonetsa ici pomezanitsa fodya ndi phwetekere, pakuti mbeu ziwirizi ndi za pfuko limodzi. Fodya wokhala pa mizu ya phwetekere anaphuka masamba ooneka bwino koma opanda ukali, pamene phwetekere wokhala pa mizu ya fodya anali ndi nikotini m'masamba ace. Sitikuuzani kuti mukayese. Tikungofuna muone kuti cimene mumagulitsa ku okushoni cinayambira pansi pa nthaka. Ndipo kunena zoona inu mumadziwa kale. Palibe mlimi wa fodya wodziwa nchito yace amene amaokera mbande ya mizu yotupatupa, kapena yoonda imene inaphimbidwa ndi zinzace pa nazale. Mumaizula, mumayang'ana mizu, mumaitaya. Cimene citidabwitsa ndi cakuti munthu yemweyo, wosamala comweco ndi mbeu ya miyezi isanu, amagula mtengo wa zaka makumi atatu osauyang'ana m'munsi.

Mphamvu imeneyi imayenda mbali zonse ziwiri. Muli mtengo wina m'midzi yathu umenenso timaucha mpira, uja wa masamba onga a cinangwa amene amai ena amathyola ndiwo. Uwu ndi mpira wa Ceara, umene Azungu anabzala m'dziko muno kuciyambi kwa zaka za 1900 nausiya utalephera kupindula. M'caka ca 1952 mlimi wamba wa kum'mawa kwa Java, dzina lace Mukibat, anamezanitsa nthambi ya mtengo umenewu pa phesi la cinangwa. Masamba ambiri a mpirawo anadyetsa mizu ya cinangwa, ndipo cinangwa cinakula koposa ca masiku onse. Njirayo ikudziwika ndi dzina lace kufikira lero. Ndi nchito yambiri ndipo si ya munda waukulu, koma ikuonetsa kuti mitengo iwiri ikalumikizidwa, uli wonse umadya za mnzace.

Pa malalanje nkhani ya tsinde inafika pa moyo ndi imfa. Kale m'maiko ambiri malalanje okoma anali kumezanitsidwa pa tsinde la lalanje lowawasa, cifukwa limapirira matenda oola mizu ndipo limapereka zipatso zokoma. Ku South Africa ukwati umenewu unakanika kuyambira pa ciyambi, mitengo niifa popanda wodziwa cifukwa, kotero alimi a kumeneko anatembenukira ku mandimu a khungu lokhakhala. M'zaka za 1930 ndi 1940 nthenda yomweyo, imene inachedwa tristeza, inalowa ku Argentina ndi ku Brazil, nipha mitengo mamiliyoni. Kacirombo kace kamatseka njira ya cakudya pa mfundo yolumikizira, mizu niifa ndi njala. Malalanje a mtundu womwewo okhala pa matsinde ena anapulumuka. Amene anafunsa dzina la wapamwamba lokha anataya munda wonse.

Ndimu lokhakhala ndilo tsinde limene malalanje ndi manacesi ambiri omezanitsa a kuno amakhalapo, ndipo liri ndi zabwino zace: limakula msanga, mizu yace imapita pansi, limapirira cirimwe cathu pa nthaka ya mcenga, ndipo limabereketsa kwambiri. Liri ndi zoipa zacenso. Zipatso zace zimakhala za khungu locindikala ndi zocepa kutsekemera poyerekeza ndi za pa matsinde ena, ndipo pa malo odikha madzi limaola m'munsi. Amene ali ndi dimba m'mbali mwa Bua kapena Rusa, pamene madzi amaima dzinja lonse, aganizire ici asanakumbe dzenje. Ndiponso ndimu ndi lolimba koposa mkamwini wace. Kangati tamva mlimi akudandaula kuti, "Anandinamiza, lalanje langa lasanduka ndimu"? Nthawi zambiri sananamizidwe. Mphukira inatuluka m'munsi mwa cipsera, iye naisiya pokondwera kuti mtengo ukukula. Mphukirayo inalanda madzi onse, lalanje linauma, ndipo mwini mudzi anatsala yekha pa khomo.

Cifukwa cimene talembera zonsezi tsopano ndi ici. Mitengo ya fodya pa msika imakwera caka cina ndi kugwa caka cina, ndipo acikumbe ambiri a ku Mkanda, ku Kapiri, kwa Kamwendo ndi kuno ku Boma akuyang'ana mango, malalanje, mapeyala ndi makadamiya kuti asadalire fodya ndi mtedza wokha. Ici ndi canzeru. Koma pamene ofuna aculuka, ogulitsa othamanga amaculukanso. Munthu amatola njere ziri zonse pa dzala la pa msika, za mango odyedwa ndi anthu osiyanasiyana, nafesa zonse, namezanitsa zonse, zoonda ndi zonenepa zomwe, pakuti cubu ciri conse ndi ndalama. Mbande zimene sizinagulidwe caka catha amazisunga m'macubu omwewo, muzu waukulu nupindika ngati nkhata, ndipo mtengo wotero sudzaongoka konse pansi. Mphepo ya mkuntho idzaugwetsa utayamba kubereka. Ngakhale mabungwe amene amagawa mbande mwaulere, ambiri amawerenga mitengo imene yatuluka ndi kulemba dzina la wapamwamba. Za tsinde pepala limakhala cete.

Tikudziwa zimene ena adzayankha. Adzati mlimi sangaone mizu ya m'cubu, ndipo wogulitsa angachule dzina liri lonse. Ici ndi coona mbali ina. Koma pali zambiri zimene maso angaone. Tsinde liyenera kukhala loongoka, lonenepa ngati pensulo kapena kuposa, losaonda kuposa kanthambi kamene lasenza. Cipsera cikhale copola mbali zonse, cosatuluka utomoni. Pansi pa cubu pasakhale muzu waukulu wodulidwa kapena wozungulira. Amene mukugula mbande zambiri, gulani imodzi yapadera, ng'ambani cubu cace pamaso pa wogulitsayo, sansani dothi, muone. Mtengo wa mbande imodzi ndi wocepa poyerekeza ndi maenje makumi asanu okumbidwa pacabe. Ndipo wogulitsa amene anafesa yekha matsinde ace sabvutika kuyankha. Adzakuuzani mtengo umene anatengako njere ndi mwezi umene anafesa. Amene akungotembenuza nkhani, dziwani kuti nayenso sadziwa.

Ena adzati kutaya mbande zofooka kudzakweza mtengo wa zotsalazo. Inde, kudzakweza. Woyang'anira nazale akataya mbande zitatu pa khumi ziri zonse, ayenera kubweza ndalama ya macubu ndi madzi pa zisanu ndi ziwiri zotsala. Ife tikuti lipirani. Ndipo kwa alangizi a zaulimi ndi onse ogulira alimi mbande tikupempha cinthu cimodzi cosafuna ndalama: kapepala ka pa mbande kakhale ndi maina awiri, la pamwamba ndi la pansi, ndi mwezi umene inamezanitsidwa. Olima mpira ku Asia anafika pa ici atataya zaka zambiri. Ife tiribe cifukwa cotayanso zaka zomwezo.

Koposa zonse tingakondwere mlimi atafesa matsinde ace yekha, pakuti pamenepa tiri ndi mwai umene olima mpira alibe. Njere ya mpira imapereka mbande imodzi, yosafanana ndi mai wace. Koma mango athu ambiri a m'midzi, mukasenda cikhokho ca njere, mupeza m'kati muli timagawo tingapo, ndipo njere imodzi imatulutsa mphukira ziwiri, zitatu kapena kuposa. Zambiri mwa mphukira zimenezi sizinalandire kanthu kwa bambo. Ndi mai wace weniweni wobadwanso. Mandimu okhakhala amacitanso comweco. Ndiko kunena kuti mukasankha mtengo umodzi wabwino ndi kutenga njere zace zokha, matsinde anu adzakhala ofanana, cinthu cimene ofufuza a mpira akhala akucifunafuna zaka zambiri. Mtengo wosankhawo usakhale wa zipatso zokoma koposa, pakuti kukoma kudzabwera ndi diso. Ukhale mtengo wakale umene mwauona ukupirira zaka za cirala pa nthaka yonga ya munda wanu, wosagwidwa ndi ciswe, wosauma nthambi. M'mudzi uli wonse muli mtengo wotero, ndipo akulu amaudziwa.

Njere zitengedwe ku zipatso zakupsa bwino, m'Disembala ndi m'Januwale pamene mango aculuka, ndipo zifesedwe m'masiku ocepa, pakuti njere ya mango, monga ya mpira, sikhalitsa. Pa njere iri yonse siyani mphukira imodzi yamphamvu ndi yoongoka. Zocedwa kumera, zacikasu ndi zopindika muzu, tayani. Tsinde likafika pa kunenepa kwa pensulo, itanani mlangizi kapena mnansi wodziwa kumezanitsa, ndipo tinthambi ticokere ku mtengo umene mwauona ndi maso anu ukubereka. Pa malalanje diso likhale mainchi asanu ndi atatu kapena kuposa pamwamba pa nthaka, kuti matope a mvula asafike pa bala. Pobzala m'munda, cipsera cikhale pamtunda monga cinaliri m'cubu. Musacikwirire pokwezera dothi monga mucitira ndi cimanga. Ndipo zaka ziwiri zoyamba, mwezi uli wonse, yendani mzere ndi mzere kubudula ndi zala mphukira iri yonse yotuluka m'munsi mwa cipsera isanalimbe.